Mtedza Umene Unadikira Alendo

Chaka chimene ndinaonongetsa mtedza wa mayi ena kwa Mlonyeni, ndinali nditatopa kale ndi ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Sindikunena izi pofuna kudzichotsera mlandu. Ndikungofuna mumudziwe munthu amene ankayenda m'midzi imeneyo pa njinga yamoto yotha matayala, atavala shati yoyera, akuuza anthu zochita m'minda mwawo.

Ntchitoyi ndinaiyamba ndi mtima wonse. Zaka zoyambirira ndinkadzuka m'mamawa, n'kupalasa njinga mpaka kumidzi ya kufupi ndi malire a Zambia, ndipo ndinkagwada m'mizere kufukula dothi ndi zala. Koma mwezi uliwonse ku ofesi ya ku Boma ankafuna lipoti: misonkhano ingati, alimi angati abwera, angati atsatira malangizo. Papepalapo panalibe malo olembapo zimene mlimi wanena. Pang'onopang'ono nanenso ndinasiya kuzifunsa. Ndinkafika pamsonkhano, kuyankhula ola lathunthu, anthu n'kuomba m'manja mwaulemu, kenako aliyense n'kukadzala mmene ankadzalira makolo ake. Tikakumana alangizi okhaokha tinkangoti, "Alimi samva awa," n'kumaseka. Ine ndinkaseka kwambiri kuposa anzanga, chifukwa kusekako kunkandipepuza.

Mayiwo anali osiyana ndi ena onse. Anali amasiye, a msinkhu wa achemwali anga aakulu, ndipo ankalera ana atatu. Pamsonkhano ankakhala kutsogolo kwa amayi anzawo ndi kope lakale la mwana wawo, akulemba pang'onopang'ono chilichonse chimene ndanena. Nthawi zina ankandikumbutsa mawu amene ineyo ndinali nditawaiwala kale.

Ndiye itabwera mbewu yatsopano ya mtedza wocha msanga, ndipo pakufunika munda wachitsanzo m'mbali mwa msewu, sindinavutike kusaka. Iwo anapereka munda wawo, womwe chaka chilichonse ankadzalamo mtedza wamakolo. Mtedza umenewo ndi umene unkabweretsa sopo, mchere ndi yunifolomu za ana pakhomopo, chifukwa fodya anasiya kulima amuna awo atamwalira. Pangano lathu linali losavuta. Mbewu ndi yathu, thukuta ndi lawo, zokolola zonse ndi zawo. Lamulo linali limodzi lokha: asakumbe mtedzawo mpaka alendo ochokera ku Lilongwe adzauone pa tsiku lachionetsero.

Anagwira ntchito imene sindinaionepo. Ndinawadulira kamtengo koyezera mipata ya mapando, ndipo anayeza nako munda wonse, phando ndi phando, atawerama, mizera iwiri pamwamba pa mzere uliwonse. Anapalira kawiri udzu usanakule n'komwe. Pofika mu Febuluwale mundawo unali wobiriwira moti akabaza opita kumalire ankaima kumafunsa kuti ndi wa ndani. Ine ndinkaujambula pafoni n'kumatumiza kwa abwana anga ku Boma. Kunena zoona, patapita zaka zambiri ndinamvanso kukoma kwa ntchito. Koma chimene chinkandikoma sichinali mtedza. Ndinkafuna alendowo andione, anditchule dzina, mwina andisamutsire kufupi ndi tauni kumene mkazi wanga ankalakalaka.

Tsiku lachionetsero analiika kumapeto kwa Malichi, nthawi imene mtedzawo unayenera kukhwima. Litatsala pang'ono kufika, abwana anaimba foni kuti alendo ali ndi msonkhano wina, tisunthe ndi sabata imodzi. Ndinatumiza uthenga kumudzi kuti mayiwo adikire.

Patapita masiku atatu anabwera ku ofesi yanga, kachipinda kamene tinkagwiritsa ntchito kuseri kwa sitolo ya pa tiledingi. Anayenda wapansi, ulendo wa maola awiri. Anakhala pansi pakhonde, pafupi ndi chitseko, ngakhale mpando unalipo. Tinapatsana moni, ndipo anafunsa za amayi a kunyumba ndi ana.

"Ndimati ndikuoneni, alangizi," anatero. "Masamba aja ayamba kuyoyoka."

"Ndi mmene umachitira ukakhwima, mayi," ndinayankha, maso ali pa lipoti limene ndinkalemba. "Sabata yamawa alendo abwera."

"Chabwino."

Koma sananyamuke. Anakhalabe pomwepo akusisita bondo ndi dzanja. Ine ndinakulira kumudzi. Ndikudziwa bwino lomwe kuti munthu wamkulu akati "chabwino" n'kukhalabe pansi, ndiye kuti nkhani imene wabwerera sanainene, akudikira kuti umufunse. Mayi anga ondibereka ankachita zomwezo. Ndinadziwa, koma ndinapitiriza kulemba, chifukwa lipotilo linkafunika ku Boma tsiku lomwelo. Kenako anatsanzika n'kumapita.

Sabata imeneyo inatha, alendo anasunthanso tsiku. Akuti galimoto inali ku garaja. Mayiwo anabweranso, ulendo uno atamanga kanthu pansonga ya chitenje. Anamasula n'kuika mtedza usanu patebulo panga. Anaswa umodzi ndi chala chachikulu n'kundionetsa mkati mwa khoko, mmene munali mutada kale.

"Ndangozula phata limodzi la kumapeto kwenikweni, kumene alendo sadzafikako," anatero. "Mundikhululukire."

Tangoganizani. Munthu kupepesa chifukwa wazula phata limodzi m'munda mwake momwe. Ine nthawi imeneyo ndinali pafoni ndi mlangizi mnzanga wa dera la kwa Zulu, tikukambirana za mafuta a njinga amene sanabwere. Ndinatola mtedzawo n'kumatafuna ndikuyankhula. Nditadula foni ndinati, "Wakoma bwanji! Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Tapirira miyezi yonseyi, tilephere masiku ochepa?"

Anayang'ana kumwamba kudzera pakhomo, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana cha kumadzulo. Ndinadziwa chimene ankaopa. Mbewu yocha msangayo siigona m'nthaka ngati mtedza wamakolo. Ikakhwima n'kuvumbwidwa, imamera pomwepo ili m'makoko. Zimenezi ndinaziphunzitsa ndine pamsonkhano, ndipo sindikukayika kuti zinali m'kope lawo lija.

Ndisadzinamizire kwambiri: madzulo a tsiku limenelo ndinawaimbira abwana. Ndinati, "Bwana, mtedza uja wakhwima, ndipo mvula sinathe."

"Alendo akufuna kuona munda uli chiimire, osati milu ya masamba," anayankha. "Mugwireni mlimiyo. Si ntchito yanu imeneyo?"

"Chabwino, bwana."

Ndinapsa mtima usiku wonse kuti munthuyu sanandimvere. Ndinadandaula kwa mkazi wanga kuti akuluakuluwa amangolamula ali pampando, sadziwa n'komwe fungo la munda. Sizinandibwerere m'mutu kuti masana omwewo ndinachita zomwezo kwa munthu amene anayenda maola awiri.

Mvula inagwa masiku awiri otsatizana, ija yamvumbi yosadziwa kukata. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinali kuliza njinga yanga panja pa ofesi, ulendo wa ku Boma ku maphunziro a masiku atatu. Maphunziro oterewa sitinkawaphonya, chifukwa ndi kumene munthu ankadyako bwino n'kupumako. Njingayo inkakana kulira, ine thukuta lili kamukamu, nsapato yatsopano itadzaza matope. Itangolira, ndinawaona mayiwo ataima pafupi ndi mpanda, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, atafunda pepala la pulasitiki.

"Alangizi, mvula ija..."

"Ndikudziwa, mayi, ndikudziwa!" ndinakuwa, kupikisana ndi phokoso la injini. Ndinkaopa kuti ndikaithimitsa siiliranso. "Ndibwera Lachisanu. Musakhudze kanthu!"

Ndinawasiya ataima pomwepo. Ku Boma tinakhala masiku atatu m'chipinda chozizira bwino tikuphunzira mmene tingalimbikitsire alimi kuti azidzipereka pa ulimi wamakono. Tinalemba pamapepala aakulu n'kumata kukhoma kuti mlangizi wabwino amayamba wamvetsera. Gulu lathu linasankha ine kuti ndikafotokoze kutsogolo, poti pakamwa ndiye ndinali napo, ndipo anandiombera m'manja.

Lachisanulo, pa nthawi ya tiyi, abwana anandipeza ndikuthira shuga. Anandiuza ngati akunena za nyengo kuti alendo aja sabweranso, anakaona kale munda wina ku boma lina. "Muuzeni mlimi uja akolole," anatero, n'kutembenukira kwa wina.

Apa ndiye pamene pamandichititsa manyazi kwambiri. Maphunziro anatha masana. Ndikanatha kufika kumudziko dzuwa lisanalowe. Koma ndinali wotopa ndi wokhumudwa, ndipo ndinkadzimvera chisoni ndekha kuti mwayi wanga wooneka wapita. Ndinati ndipita mawa. Loweruka kunagwa maliro kwa apongozi anga. Lamulungu ndinapita kutchalitchi, n'kugona masana onse. Mayiwo analibe foni, koma oyandikana nawo anali nayo, ndipo nambala yake inali m'thumba mwanga masiku onsewo. Ndinafika Lolemba m'mawa.

Ndinapeza njira yochoka kumsewu kupita kumunda italambulidwa bwino kuti galimoto zidutse. Pansi pa mtengo wa mango panali chisakasa chatsopano cha udzu choti alendo adzakhalemo. Zonsezi sindinawauze ndine, anangoganiza okha. Koma mundawo unali utada. Masamba onse anali pansi, ndipo pamwamba pa mizere panali timagulu ta mbewu zatsopano zobiriwira, zongotuluka kumene. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja.

Mayiwo anatuluka m'chimanga cha kumunsi atamva njinga. Tinapatsana moni monga mwa nthawi zonse, mpaka kufunsana za ana.

"Alendo aja sabwera, mayi," ndinatero. "Mukhoza kukumba."

Mayiwo anapita kunyumba kukatenga khasu ndi dengu. Ine ndinawerama n'kuzula phata limodzi. Linabwera lopepuka ngati udzu, mtedza wonse utadukira m'nthaka. Uwiri utatu umene unatsalira kumizu unali utang'ambika, timizu toyera titatulukira kunja. Wina chiswe chinali chitaboola kale. Ndinazula phata lachiwiri ndi lachitatu, zinali chimodzimodzi.

Atabwera ndinavula shati yanga yoyera n'kuipachika pachisakasa, ndipo ndinapempha khasu lina. Sanakane, sanathokoze. Tinkagwetsa mzere ndi khasu, kenako n'kugwada kumasefa dothi ndi zala, kutola mtedza umodziumodzi. Womera tinkataya kumbuyo, wabwino m'dengu. Kumbuyo n'kumene kunkachuluka. Bambo wina wodutsa ndi ng'ombe anakuwa ali kumsewu kuti, "Ee, lero alangizi agwira khasu! Kugwa mvula ya matalala!" Ndinaseka nawo pang'ono, koma mayiwo sanadzutse mutu.

Dzuwa litafika pamutu, msana ukuwawa, zikhadabo zitadzaza dothi, mkwiyo unandikwera. Unali mkwiyo wa munthu wochita manyazi, umene umasaka pogwera. Ndinaponya khasu pansi.

"Koma mayi, bwanji simunangokumba? Munda ndi wanu uwu! Mvula munaiona, mtedza mumaudziwa kuposa ine. Mukanakumba ndikanakuchitani chiyani?"

Anapitiriza kusefa dothi. Anatola mtedza umodzi, kuuyang'ana, n'kuutaya kumbuyo.

"Munati ndisakumbe, alangizi," anatero motsitsa mawu. "Tinapangana."

Ndinatolanso khasu lija. Tinakumba mzere wina wonse, kenako iwo anayambanso kuyankhula okha, osandiyang'ana.

"Ndinabwera katatu. Lachinayi lapitali ndinanyamukanso, ndinafika mpaka pamlatho. Koma ndinabwerera. Ndinaopa kuti mungatope nane."

Ndakhala ndikudzudzulidwa pa ntchito ndi anthu a maudindo, ena mondinyoza pagulu, koma palibe mawu amene anandipweteka ngati amenewo. Ndinati, "Pepani, mayi," ndipo mawuwo anamveka aang'ono kwambiri m'munda waukuluwo. Iwo anangogwedeza mutu, n'kunena kuti tifulumire mitambo ikubweranso.

Tinaweruka dzuwa litapendeka, titamaliza mbali yonse ya kumtunda, imene inali yokongola kuposa ina pa zithunzi zanga zija. Mayiwo anapukuta manja pachitenje, n'kukonza nkhata yawo. Ndinayandikira kuti ndiwasenze dengulo monga timachitira munthu akakolola, koma anali atalinyamula kale ndi dzanja limodzi.