Khola la Njerwa ku Loji ya Mayi Getrude

Ku Lirangwe kunalibe amene ankadziwa bwino ntchito ya Che Idrisa. Ena ankati amakonza mafiriji, achipongwe ankati amagulitsa mphepo. Zoona zake n'zakuti ankakonza maeyakoni, makina oziziritsa m'zipinda aja, chinthu chimene m'mudzi mwawo munalibe ngakhale nyumba imodzi yokhala nacho.

Lusoli adaliphunzira ali mnyamata pa kampani ina ya ku Chileka imene idatsekedwa kalekale. Makasitomala adatha pang'onopang'ono ngati mchere wa m'kabotolo, pakuti ogula makina atsopano amabwera ndi anyamata awo a maovolosi osita ochokera m'tauni. Che Idrisa adangotsala ndi loji ya Mayi Getrude, kufupi ndi bwalo la ndege. Mayiwo akawayamikira kwa anzawo, foni inkalira ndipo kunyumba ankadya. Chuma chawo chonse chinali dzina basi.

Mu Okutobala wina, eyakoni ya m'chipinda cha alendo olemekezeka idayamba nthenya. M'mawa inkaziziritsa bwinobwino, koma dzuwa likaswa mtengo inkazima yokha. Che Idrisa atafika adapita kuseri, kumene kumakhala chibokosi chotaya kutentha chija, ndipo adachipeza m'ndende. Akuba atanyamula choyamba, Mayi Getrude adamangira chatsopanochi khola la njerwa, silabu pamwamba, kachitseko kachitsulo ndi loko wake.

Adakwawira momwemo. Fani inkazungulira, kapasita inalibe mlandu, gasi analimo wokwanira. Adatsuka fumbi ndi phulusa la osaka mbewa limene lidamata kumbuyo, nkuyatsanso. Posakhalitsa kompuresa, mtima wa makinawo, idawaotcha chikhatho, makina nkuzima. Mpweya wotentha unalibe kotulukira, unkangobwerera mommo.

"Mayi, makinawa sakudwala ayi," adatero akupukuta thukuta. "Akubanika. Khoma lakutsogololi ligwe, tiikepo zitsulo zoti mphepo izidutsa."

"Aaa, Che Idrisa, mwayamba liti nthabwala?" adayankha Mayi Getrude. "Mukufuna anyamata oba mapaipi a kopa aja andimalize?"

"Mukalisiya, kompuresa ipsa mwezi uno usanathe. Ine ndiye ndanena."

Mayiwo adayang'ana khomalo kwa nthawi. Alendo anali atayamba kale kusamukira ku maloji ena chifukwa cha kutentha.

"Chabwino, gwetsani. Ndadalira inuyo."

Che Idrisa adagwetsa khomalo ndi manja awo, nkusanja njerwa pambali mwaulemu. Tsiku limenelo makina adagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mlendo wina adachita kupempha bulangete. Bambowo adakwera minibasi ya ku Lirangwe mtima uli mbee. Chidatsala ndi zitsulo zija. Wowotcherera adati magetsi azima, abwera mawa. Mawa lake magetsi adayaka koma iye anali ku maliro ku Madziabango. Walira mvula walira matope.

Foni idalira m'mawa wina akuchokera ku dimba. Atafika ku loji adapeza chibokosi chili yasa, kompuresa kulibe, mapaipi a kopa atadulidwa bwinobwino ngati wodulayo adachita kuphunzira.

Mayi Getrude sadakalipe, ndipo bola akadakalipa. Adaima manja ali kumbuyo, maso ali pa njerwa zosanjidwa zija.

"Khomali lidakhala apa osakhudzidwa ndi munthu," adatero motsitsa mawu. "Amene anati ligwe ndi ndani? Nanga wodziwa podula mapaipi awa kuno ndi ndani?"

"Mayi, mwandidziwa liti ine?"

"Ndimaona ngati ndimakudziwani. Tengani chikwama chanu, bambo."

Che Idrisa adanyamula chikwama chawo nkumapita. Chidawapweteka kwambiri n'chakuti sadalakwitse kalikonse: matenda a makinawo adawatulukira, mankhwala adagwira. Ngakhale akadabwerera m'mbuyo, akadanenanso kuti khomalo ligwe.

Ku polisi sadawatengere, ndiye kunalibe koti akadziyeretse. Nkhani idangoyenda yokha, kuchoka pakamwa pa mlonda kupita kwa akabaza, kwa akabaza nkukwera minibasi. Foni idaleka kulira. Zipangizo zawo zili m'chikwama pansi pa bedi, ndipo iwo amatandala ku dimba kumene chitsime chikuphwa.

Masiku ano akamadutsa pamsika wa Lirangwe palibenso amene amafunsa kuti bambowa amagwira ntchito yanji. Aliyense akuidziwa. Amangokodolana, nkunong'ona kuti, "Ndi aja a kopa."