Anyani Oimba pa Saluni ya ku Bangwe

Linali Lachitatu lomaliza m'mwezi wa Meyi, 3 koloko masana, pamene ndinakhala pampando wa saluni ina ku Bangwe kuti andiluke tsitsi. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwana wanga woyamba ndinamusiya ndi apongozi, omwe anali atandilangiza kale kuti mayi woyembekezera asamayang'anitsitse nyani, mwana angabadwe ndi nkhope yomweyo.

Mayi woluka tsitsi anandigwira mutu n'kuulozetsa kutsogolo. Kutsogoloko kunali TV, ndipo pa TV-po panali anyani.

Sanali ngati anyani athu akuba chimanga aja. Analibe michira, mikono yawo inali yaitali kuposa miyendo, ndipo ankalendewera m'mitengo. Kenaka mmodzi anatsegula pakamwa n'kuyamba kuimba. Ndinaweramitsa mutu.

"Achemwali, mutu m'mwamba, mizere ikhota," anatero wolukayo.

Ndinachita manyazi kupempha kuti azimitse. Ndinayesa kutsinzina, koma akakoka tsitsi maso ankatseguka okha.

Pabenchi panali mayi wina, mphunzitsi, amene ankadikira kulukidwa. Iyeyo ndiye ankatimasulira Chingerezi cha pa TV-po. Anati anyaniwo amatchedwa magiboni, amakhala m'nkhalango za ku Asia. Alipo a mitundu ingapo, yonse yochokera kwa kholo limodzi kalekale, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nyimbo yakeyake. Koma kumene mitundu iwiri yakumana malire, wamphongo wa mtundu uwu amatha kubereka ndi wamkazi wa mtundu winawo.

"Ndiye mwanayo amaimba ya kuchimuna kapena ya kuchikazi, aphunzitsi?" anafunsa wolukayo.

"Imakhala ya pakatikati. Palibe amamuphunzitsa, imabwera ndi magazi."

"Bola, alibe milandu yolimbirana mwana ngati kwathu kuja," anatero wolukayo.

Onse anaseka. Aphunzitsi anawonjezera kuti nafenso anthu, magiboniwo ndi abale athu apatali. Ndinagwira pamimba. Ndinaganiza kuti ngati ndi abale, ndipo mitundu yawo imasakanizika chotero, nkhope imene ndaiyang'ana ola lathunthu ilephera bwanji kufika kwa mwana wanga?

Kunyumba apongozi anayamikira tsitsi. Sindinawauze kanthu, ngakhale bambo a mwana. Mwana akagunda m'mimba, ndinkaona mikono yaitali ija.

M'mawa mwake ndinatenga buku la kuchipatala n'kupita kusikelo, ngakhale silinali tsiku langa. Ndinakhala kumapeto kwa benchi mpaka amayi onse atatha. Anamwino anali achikulire. Ndinawafotokozera zonse ndikuyang'ana pansi, za apongozi, za TV, ndi za nyimbo ija.

Sanandiseke. Anandifunsa kuti, "Mwati kanyaniko kanaitenga kuti nyimbo yake?"

"Kwa makolo ake, m'magazi."

"Wanuyu nayenso nkhope aitenga kwa inu ndi bambo ake. Zimene mwaona ndi maso sizilowa m'chiberekero, mayi."

Anandigoneka pabedi, anamvetsera pamimba, nati mtima wa mwana ukugunda bwino. Ndikumanga chitenje, ndinawapempha kuti anenenso mawu aja pang'onopang'ono, kuti ndikathe kuwabwereza pamaso pa apongozi.