Mwala wochapira pansi pa mkuyu

Pamene bambo a kunyumba anawatumiza kukaphunzitsa ku Nkhudzi, ine nyanja ndinali ndisanaionepo. Kwathu ku Ntchisi timachapa pachitsime, ndipo wofika msanga ndiye amasankha malo. Choncho m'mawa woyamba ndinasenza beseni la matewera, ndinafika padooko, ndinaona mwala wosalala pansi pa mkuyu, basi ndinayamba kuchapa.

Amayi ankafika mmodzimmodzi, kundipatsa moni, koma kukakhala patali. Kenaka kunabwera mayi wina wachikulire wa mpango woyera, n'kuima kumbuyo kwanga mtolo wa zochapa uli pamutu. Anangoima mpaka ndinafinya thewera lomaliza.

Masana ake mkazi wa mphunzitsi mnzathu ndiye anandimasulira. Dookolo linali la aliyense, inde, koma linali ndi malire osalembedwa. Kumtunda kunali kwa asodzi ndi makoka awo, pakati potunga madzi, kumunsi kwa amayi, kumene mwamuna sankadutsa asanafuule kuti, "Kuli anthu?" Ndipo mwala uliwonse unali ndi mwini wake. Manyazi amene anandigwira, nkhope ndinasowa poyiika.

Mwezi wathunthu ndinkachapira m'beseni pamchenga, msana ukuwawa, kufikira tsiku lina mayi aja anandikodola.

"Amwali, ine ndikamaliza muzichapa pano."

Zaka zitatu tinasinthana pamwalawo. M'chaka chachinayi kunabwera galimoto ndi anthu oyeza malo. Bwana wina wamkulu m'chipani ankafuna nyumba yopumuliramo, ndipo waya unatsika kuchokera kumsewu mpaka kulowa m'madzi, mkuyu n'kutsala mkati. Masiku amenewo munthu sunkafunsa. Ngakhale podandaulira mwamuna wako unkayamba wasuzumira pazenera. Tinangosamukira kubango, kumatope, kumene tinkachapa diso lili pamadzi kuopa ng'ona. Ndinatopa nako kuchapa, ndinatopanso nako kukhala chete.

M'mawa wina ndikupita kubangoko ndinawapeza mayi aja ataima pawaya, mtolo pamutu, monga anaimira kumbuyo kwanga tsiku lija. Mwala unali pomwepo, wouma, utagwera masamba. Nyumbayo inali yotseka, mwini wake ankabwera pa Khirisimasi pokha.

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Inu munali mlendo wabwino, amwali. Munangotenga mwala umodzi, ndipo mawa lake munabweza."