Mng'alu Umene Ndinaupaka Utoto

Ndinachoka ku Lichinga patatha masiku atatu titaika maliro a alamu anga, Che Assane. Sindinatsanzike. Ndinauza mlongo wanga Amina kuti ndikukagula ndodo zowotcherera ku Cuamba, ndipo ndodozo ndinakazigula zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Nkhondo itatha tinabwerera ku Lichinga kuchokera ku Malawi tili manja lende. Ine ndinatsegula kaofisina kowotcherera zitsulo ku Sanjala. Kuwerenga sindinkadziwa, ntchito ndinaiphunzira ndi maso. Che Assane ankayendetsa thirakitala yokoka ngolo, kututa nyemba ndi kachewere ku Lione. Tsiku lina anabwera kudzandionetsa kamng'alu pa lansa, chitsulo chija chimalumikiza ngolo ku thirakitala. Kanali kochepa ngati tsitsi.

"Kunyado, alamu anga, tatsekani aka msanga, nyemba zikundidikira."

Ndinadutsitsa moto pamwamba, ndinapaka utoto wakuda, pamalopo panakongola. Ndinawaseka kuti, "Lansa iyi mudzaisiya ndinu, alamu." Patapita miyezi iwiri inaduka pamtsetse wa ku Lione. Ngolo yodzaza matumba inagunda thirakitala kumbuyo n'kuigubuduza. Che Assane anafera pomwepo, kusiya Amina ndi khanda la miyezi isanu, Jafali. Ena anati ndi chifuniro cha Mulungu, ena anati ndi ansanje. Ine palibe ananditchula. Koma ndinapita kukaona, ndipo panaduka panali pa utoto wanga.

Ndinakafika ku Beira, m'chigawo cha Sofala. Ndinapeza ntchito yopala dzimbiri pamalo okonzera sitima zapamadzi. Munthu wozolowera chisanu cha kwathu, kutentha kwa kumeneko kunkandiphika wamoyo. Tinkagona amuna asanu chipinda chimodzi, koma wolankhula chinenero changa panalibe. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa oyendetsa malole, popanda ndi liwu limodzi lomwe. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, malume ndiye mwini mbumba. Jafali anamera mano, anapita ku jando, anamera ndevu, ine kulibe.

Chaka chachiwiri kunabwera kalata ya Amina. Ndinaisunga zaka zitatu osaitsegula. Kupatsa munthu kuti andiwerengere ndinkaopa, poti mwina munalembedwa kuti ndine wakupha. Kalatayo ndi imene inandilowetsa sukulu ya akuluakulu ndili ndi imvi, kukhala pabenchi ndi amayi ogulitsa nkhanu, kumajambula zilembo ngati mwana. Tsiku limene ndinaiwerenga ndekha, munali mawu ochepa: "Achimwene, Jafali wayamba kuyenda. Bwerani mudzamuone." Sindinapite. Ndinati amandiitana chifukwa sakudziwa.

Pantchitopo panali mayi wina woyeza zitsulo, Dona Felizarda. Ataona kuti ndayamba kuwerenga ananditenga kuti ndizigwira naye. Tsiku lina anandiikira patsogolo mtanda wachitsulo woduka.

"Bambo Saide, taonani poduka apa. Mbali iyi ndi yosalala, ili ndi timizere ngati ta pachitsa cha mtengo. Uku n'kokhakhala. Mukuti chinachitika n'chiyani?"

"Chinalemedwa, Dona."

"Ayi. Chinatopa. Kamng'alu kamayamba pakona, pabowo, kapena m'mphepete mwa powotcherera. Katundu akapinda chitsulo n'kuchisiya, kamasuntha pang'ono. Mawa pang'ono. Timizereti ndi mapazi ake. Chitsulo chotsala chikachepa, chimathyoka kamodzi, ndiye kokhakhalaku. Wowotcherera pamwamba sachiza, amangofunditsa njoka bulangete."

Ndinakumbukira lansa ya Che Assane, ndinatuluka panja. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinkasaka ming'alu ngati munthu wosaka mfiti. Ndinaphunzira kuipeza ndi mankhwala ofiira, ndi maginito, ndi njira yakale ya palafini ndi choko. Ndili ndi zaka makumi asanu ndinakhoza mayeso a oyeza zitsulo. Amisiri ankati, "Nkhalamba ya ku Niassa ikadutsa, bisani utoto."

Chaka chatha Amina ananditumizira mawu pafoni: Jafali wagula thirakitala yakale ndi ngolo yake, akututira anthu mbewu ku Chimbonila. Sabata yomweyo ndinatula pansi ntchito.

Lichinga ndinaipeza itakula, njinga zamoto mbwee, koma mphepo yake inali yomwe ija yolowa m'mafupa. Amina anandilandira ngati ndinachoka dzulo. Jafali anandipatsa moni wa mlendo. Linali Lachinayi, ndipo Loweruka ankayenera kunyamula amayi ndi ana a mbumba yathu kupita nawo ku ukwati ku Lione, njira ya mtsetse womwe uja. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukaona ngoloyo. Pa lansa panali chigamba cha moto chatsopano, chopakidwa utoto wakuda.

"Ngolo iyi sinyamula munthu Loweruka," ndinatero.

Jafali anandiyankha, kunditchula malume m'Chiyao: "Anjomba, mwabwera dzulo, lero mwayamba kulamula? Mesitiri wowotcherera wa kumsika watseka bwinobwino. Kapena ku Beira zitsulo zimalankhula nanu?"

"Zimalankhula. Undipatse palafini, choko ndi ola limodzi. Ukapanda kuona kanthu, ndikwera sitima ndibwerere."

Aneba anasonkhana kudzaonerera. Wina anati, "Amalume abwera ndi ula wa ku Sofala!" Anthu anaseka. Ine ndinapala utoto wonse mpaka chitsulo chinawala. Ndinathira palafini, ndinadikira kuti alowe, ndinapukuta mpaka pauma. Kenaka ndinapaka choko wosungunula, dzuwa linamuumitsa, lansa inayera ngati ufa. Ndinamenya ndi hamala katatu. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka kamzere kakuda kanatuluka m'mphepete mwa chigamba chija, kakuyenda, kakuzungulira, mpaka kanadutsa theka la chitsulo. Palafini wobisala mumng'alu ankatuluka yekha. Kuseka kunatha.

Jafali anagwada n'kukalondola ndi chala. "Ikanafika ku Lione?"

"Kupita mwina. Kubwera ayi. Ya bambo ako inali chonchi. Anabwera nayo kwa ine. Ndinaitseka pamwamba n'kupaka utoto, ine amalume ako. Ndicho ndinathawira."

Amina analowa m'nyumba natuluka ndi kanthu kokulunga m'chitenje chakale. Chinali chidutswa cha lansa ija. Dzimbiri linali litachidya, koma mbali yosalala inkaonekabe, ndi kautoto kanga m'mphepete.

"Ndinakatola ndekha pamtsetse paja, achimwene," anatero. "Utoto wanu ndinauzindikira tsiku lomwelo. Kalata ija ndinalembetsa ndikudziwa. Ndinataya mwamuna, ndiye nditayenso mchimwene? Inu munkadziwa chiyani nthawi imeneyo? Tonse tinali osaphunzira."

Jafali anandifulatira n'kuchokapo. M'mawa mwake ndinamupeza atamasula kale mabawuti a lansa. Anandiponyera sipanala osandiyang'ana.

"Nanga muziima pamenepo, anjomba? Tikagule chitsulo chatsopano, muike nokha. Utoto musayandikire."

Loweruka ndinakwera ngoloyo pamodzi ndi amayi, atandipanikiza ndi madengu. Pamtsetse paja iwo ankaimba, ine maso ali pa lansa. Titafika pansi Amina anandigwira phewa nayamba nthungululu.

Lero pabwalo pathu pamabwera mathirakitala a ku Chimbonila, malole a makala, ngakhale eni zigayo, aliyense atanyamula kabotolo ka palafini. Mesitiri wa kumsika uja anayamba wakwiya, tsopano amabwera ndi choko wake. Chidutswa chija ndinachipachika pakhomo, ndipo wobwera aliyense ndimamugwiritsa mbali yosalalayo ndisanamuuze kuti ndi ntchito ya yani. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndabisa. Kwathu ankadziwa, ndipo mphasa yanga anali asanaipinde.