Foni yosadziwa chigafa

Mwana wanga anayamba kusanza nyengo yosoka fodya. Anali atangoyamba kukwawa, ndiye ndinkamukhazika pachitenje m'chigafa, ine ndikusoka masamba ndi apongozi anga. Ndine munthu wamantha, sindibisa. Mwana akangotsokomola, mtima wanga umakhala wafika kale kumanda.

Satifiketi yanga ya kukoleji ndi ya zamakompyuta, ngakhale ntchito sindinaipeze, choncho ndinathamangira foni. Munali pulogalamu ija ya nzeru za makina, yoyankha mafunso ngati munthu. Kwathu ku Santhe netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ndinakwera pomwepo, mwana ali kumsana. Nditalemba m'Chichewa inandiyankha zosamveka. Nditalemba m'Chingerezi inandifunsa ngati m'nyumba muli kapeti, ngati mwana wadya zogona mufiriji. Kenako inanena mosakayika kuti ndi mano akumera, ndimumwetse madzi, ndidikire.

Apongozi anandiuza kuti nditsike pachulupo ndisanasanduke chiswe. Sindinadikire monga inanenera foni. Ndinakwera kabaza mpaka kuchipatala. Funso loyamba la anamwino linali lakuti mwanayu amasewera pati. Nditatchula chigafa anapukusa mutu. Anati fodya wamuwisi, makamaka wonyowa ndi mame, amalowa pakhungu, ndipo khanda limaledzera naye. Mwana anachira, koma mpaka lero ndimamununkhiza m'manja.

Fodya atatha, kunabwera abambo ena a tayi ochokera mumzinda kudzachititsa msonkhano pasukulu. Anati dziko lathu lisatsalire m'mbuyo pamene maiko oyandikana nawo akuthamanga, ndipo mayi aliyense aike pulogalamu yomwe ija mufoni kuti maulendo a kuchipatala achepe. Azimayi a matenanti a kuesiteti, amene ana awo amakulira m'zigafa, ankavomereza ndi mitu. Ine ndinaimirira.

"Bambo, makina anuwo chigafa amachidziwa?"

Anaseka, nati akuphunzirabe, tiwapatse nthawi.

"Akaphunzirire pa ana anu. Pa wangayu aphunzirirapo kale."

Ndinawauza kuti ayambe atipatsa netiweki yosafuna chulu. Makinawo aphunzire Chichewa, adziwe fodya wathu ndi kumene ana athu amakwawa, ndipo pamene sakudziwa azinena kuti sakudziwa. Ndinafunsanso kuti mwana akafa chifukwa cha malangizo amenewo, tikagogode pakhomo pa yani. Pamenepa anangoitana wofunsa wina.

Tikutuluka, mayi wina wa matenanti, wochokera ku Mulanje, ananditambasulira foni yake. Anati poti ine ndinapita kusukulu, ndimuikire pulogalamuyo. Ndinakana. Ndinayang'ana kamwana kamene anabereka, kocheperapo kwa wanga, n'kumufunsa kumene kamasewera iye akamasoka.

"M'chigafa, nanga kuti?"

"Mukachotsemo, achemwali. Fodya akadzayamba, mudzidzamusiya kwa apongozi anga pamodzi ndi wanga. Foniyo sungani m'thumba."