Liwu la Bambo, Dambo la Amayi

Bambo anga anali mphunzitsi wopuma, ndipo Chingerezi chawo chinali cha m'mabuku onunkha nkhungu. Mawu amene azungu eni ake anataya kalekale, iwo ankatola n'kusunga. Limene ankalikonda koposa linali gainsay. Ankalitchula atakweza chala, ife ana n'kumaseka kuseri kwa nyumba.

"Si kukangana ayi," ankatero. "Kukangana n'kwa pamsika wa usipa. Ili n'la munthu amene wamva zimene wamkulu wanena, n'kuyankha poyera, mopanda mwano, kuti sizili choncho." Ankati m'mabukumo limapezeka kwambiri pamene akunena kuti palibe angatsutse. Nthawi ya chipani chimodzi sankaliphunzitsa n'komwe, poopa makutu a anthu. Matipate atabwera, aa, liwu lija linatuluka ngati ngumbi. Wailesi ikalankhula, gainsay. Akabwera kumzikiti tsiku la Ijumaa, gainsay. Amayi, amene sanapondepo m'kalasi, ankangofunsa kuti, "Kodi liwu lanulo amadyera chiyani?"

Chaka chimenecho amalume, mchimwene wawo wamkulu wa amayi, anabwera panjinga ndi nkhani. Dambo lathu la mpunga ku Malengachanzi analilonjeza kwa bambo wina wa ku Dwangwa kuti adzalemo nzimbe. Dambo limenelo ndi lomwe linkatidyetsa. Popanda ilo tikanangotsala ndi chinangwa cha pamchenga. Koma amalume anali mwinimbumba, ndipo kwathu mawu a mwinimbumba mumangowalandira ndi manja awiri.

Ndinayang'ana bambo. Ndinkati lero liwu lija ligwira ntchito. Koma iwo anali mkamwini pamudzi wa eni. Anakonza chipewa chawo n'kunena kuti, "Tamva, alamu." Basi! Ndinakwiya mpaka misozi. Amayi, amene anali atagwada poteropo, anangodzuka n'kuperekeza mlendo wawo mpaka kumsewu.

M'mawa mwake amayi anandidzutsa n'kundisenzetsa mbewu ya mpunga wa faya imene ankasunga mumtsuko. Tinakafesa nazale pakati penipeni pa dambolo. Ndinadziwa zimene akuchita. Kwathu munda ukakhala ndi mbewu m'nthaka, ngakhale mwinimbumba sangaupereke kwa wina mpaka mwini mbewuyo atakolola. Amene wazula mbande za mlongo wake, mudzi wonse umamuloza chala.

Amalume anamva mochedwa, mbande zitakula kale. Anatipeza tikuwokera, madzi ali m'maondo, bambo atakhala pachulu ndi ambulera yawo poti msana unkawavuta.

"Mlongo wanga, ndinanena chiyani ine?" anafuula ali kumtunda.

Amayi anaweramuka pang'onopang'ono. M'madzi simugwadika, ndiye anaima chilili, maso ndi maso ndi mchimwene wawo, zimene ndinali ndisanazionepo chibadwire.

"Munanena, achimwene, ndipo ndinamva. Koma mwalakwitsa. Dambo ili amayi athu anasiyira mbumba, osati nzimbe. Ana awa adzadya chiyani? Chaka chino ndadzala, chaka chamawanso ndidzadzala."

Mawu awo sanakwere ngakhale pang'ono. Azimayi a m'minda yoyandikana anasiya kuwokera. Ine mumtima ndinkavina. Amayi anga, amayi anga enieni! Pachulu paja bambo anaimirira, chala chili m'mwamba, pakamwa pali yasa, koma liwu lawo lija silinatuluke. Sanafunikenso kulitchula, tonse tinali titaliona ndi maso.

Amalume anayang'ana mizere yobiriwirayo. Ndinkaopa kuti akwera njinga n'kutitaya, pakuti mbumba yotayidwa ndi mwini wake imasowa woiimira pa ukwati ndi pamaliro. Amayi nawonso ankadziwa zimenezo. Anatola mtolo wa mbande, n'kuyenda m'matopemo mpaka kumtunda, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Mzere wa kumapetowo ukusowa munthu, achimwene."

Amalume anayang'ana mtolowo, kenaka nsapato zawo zatsopano za ku Dwangwa. Anatukwana pang'ono chapansipansi, anavula nsapatozo, n'kupinda buluku.