Njinga Imene Alamu Sanaifune

Mwana wathu wamkazi atasankhidwa kupita ku sekondale ya ku Chongwe, tinagwirizana zomugulira njinga, chifukwa kuchokera kwathu ku Nkomeshya si mtunda woti mwana n'kumayenda wapansi tsiku lililonse. Ine ndinkafuna zakuda zija zachitsulo cholimba, zimene anthu amasenzetsa matumba a makala. Amuna anga anatenga zimene tinapeza pa chimanga n'kukwera minibasi ya ku Lusaka. Pobwera anali akukankha kanjinga kofiira ka m'sitolo yaikulu, ka magiya ambirimbiri, konyezimira ngati chidole.

Ndinalusa. Ndinawafunsa ngati maso anawaiwala mu minibasi.

"Amake mwana, nimvereni," anatero akupuma movutika, pakuti chifuwa chinali chitawadya kale. "Nikagula yolimba, siku nizafa abale banga bazatenga. Aka sibazakafuna."

Kwathu maliro akangotha, akuchimuna amalowa m'nyumba ndi maso a pamsika, ndipo njinga yabwino siigona pakhomo pa mkazi wamasiye.

Amuna anga anamwalira mvula isanathe. Alamu anga anabweradi, n'kutenga pulawo, wailesi ndi matiresi. Wamkuluyo ananyamula kanjingako ndi dzanja limodzi, n'kuseka. "Aka nika bana, mulamu. Kasale."

Tsiku limenelo ndinawathokoza malemuwo mumtima. Koma msewu wathu sudziwa zoti munthu ndi wamasiye. Anayamba kuduka ndi masipoko, kenako tcheni chinkangovuka pachitunda chilichonse, pedulo yapulasitiki n'kuthyoka. Wokonza njinga wa pamsika anayesa zitsulo zonse za m'bokosi mwake, osapeza cholowa. "Amai, aka nikoyendera pa tara ku mayadi ya ku Silverest," anandiuza. "Mungotaya ndalama."

Mwanayo ankafika kusukulu mochedwa, n'kupatsidwa chibalo chotchetcha udzu anzake ali m'kalasi. Madzulo ankabwera akukankha njinga, manja ali bii ndi girisi. Gudumu lakumbuyo litapindika anayamba kuyenda wapansi, ndipo sanadandaulepo.

Mpaka lero mkwiyo wanga ulibe poutula. Yolimba ikanapita ndi alamu, yotchipa inadyedwa ndi miyala. Bamboyo anaganiza bwino, koma panalibe chabwino choti asankhe.

M'mawa wina, tsiku la sukulu, ndinadzuka kuti ndimufunditsire madzi osamba, n'kumupeza ali panja atavala chitenje changa chakale m'malo mwa yunifolomu, khasu lili paphewa.

"Amai," anatero osandiyang'ana, "lelo tiyambira mbali iti?"